Kubereketsa Impatiens ndi Vinca Zopirira ku Chuku cha M'madzi

Matenda atatu amene amasautsa olima maluwa a m'mabedi ndi apachibale. Pythium amaoletsa mizu ndi kugwetsa mbande zikangotuluka m'nthaka. Phytophthora amawaula nsonga ndi nthambi, makamaka pa duwa la vinca (Catharanthus roseus), mvula ikamagwa kunja kukutentha. Downy mildew amayala ufa woyera kunsi kwa masamba a impatiens, masambawo n'kuyoyoka mpaka kutsala timitengo tokhatokha. Ndi maso mungati ndi chuku wamba, koma asayansi amaika tizilomboti m'gulu lapadera la ma oomycete, kapena kuti chuku cha m'madzi. Chotikhudza ife n'chakuti timbewu take timasambira. Tili ndi timichira tiwiri, ndipo dontho la madzi pa tsamba kapena madzi odikha m'chubu ndi okwanira kuti tifike pa mbewu ina. Palinso timbewu ta mtundu wina, tokhuthala khungu, timene timagona m'nthaka zaka zingapo kudikira chinyezi. Chiwawu cha mbatatesi ndi matimati, chimene alimi a ku Dedza ndi Ntcheu amachidziwa bwino, n'cha banja lomweli.

Mankhwala alipo. Ambiri amathamangira Ridomil, amene mphamvu yake ndi metalaxyl. Koma tizilomboti timazolowera metalaxyl msanga akamathiridwa mobwerezabwereza, ndipo wogula maluwa akakabzala kwake sapoperanso. N'chifukwa chake kupirira kuyenera kukhala m'chibadwa cha mbewuyo.

Impatiens walleriana, amene amabzalidwa pamthunzi m'maiko ambiri, kwawo ndi kuno kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya mpaka ku Mozambique, Malawi ali momwemo. Joseph Hooker anam'patsa dzinali mu 1868 polemekeza Horace Waller, mmodzi mwa amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, amene anafika ku Magomero mu 1861. M'zaka za m'ma 1960 Claude Hope, ali ku Costa Rica, anabereketsa mitundu yaifupi yodzaza maluwa, duwali n'kusanduka malonda aakulu. Mu 2011 downy mildew anasesa mabedi ku Britain ndi ku America, nazale zambiri n'kusiya kulima duwali. Mtundu wopirira wa Imara XDR wa kampani ya Syngenta unatuluka mu 2018, ndipo Beacon wa PanAmerican Seed unatsatira posakhalitsa. Makampani andalama zawo anatenga zaka pafupifupi 7. Inunso musawerengere nyengo imodzi.

Yambani ndi duwa limodzi ndi matenda amodzi

Kupirira ku downy mildew sikuthandiza pa Pythium, ndipo vinca wopirira kuwauka kwa nsonga angathe kuola mizu bwinobwino. Sankhani matenda amene akukutayitsani ndalama zambiri pa nazale yanu, omwe alipo kale m'dera lanulo. Musaitanitse tizilombo kuchokera kudziko lina kuti muyesere mbewu.

Kenako tsimikizani kuti mdani ndi amene mukumuganizirayo. Pa Pythium, zulani mbande, mutsuke mizu, muikoke pang'ono pakati pa zala: khungu lake lofewa, labulauni, limavuka n'kutsala kaulusi ka pakati. Mizu ikakhala yakuda bii koma yosavuka, pa vinca kawirikawiri ndi matenda ena a chuku chenicheni. Tsinde likauma pamalire ndi nthaka n'kukhala ndi chilonda chouma, ganizirani Rhizoctonia. Pa downy mildew, masamba amayamba ndi timadontho tachikasu, m'mbali mwake n'kupindikira pansi, zimene akangaude ofiira amachitanso. Thotholani masamba angapo, muwatsekere m'pepala lapulasitiki limodzi ndi thonje lonyowa, agone pamalo ozizira. Ufa woyera ukatuluka kunsi kwake m'mawa, ndi yemweyo.

Zikakusokonezani, tengani mbewu yodwala ndi dothi lake lomwe mupite nayo kumalo ofufuzira za ulimi ngati ku Bvumbwe, ku Thyolo, kapena ku Bunda. Tengani imene yangoyamba kudwala. Yoola kale imakhala itadzaza tizilombo tina tongodya zowola, ndipo woyambitsa vutoyo sapezekanso.

Malo oyesera

Mukhala mukuweta matenda dala, choncho shedi yoyesera ikhale patali ndi maluwa ogulitsa, kumunsi kwa mtsetse, ndi ngalande yakeyake yothera m'dzenje. Ikhale ndi khasu, keni, lumo ndi nsapato zakezake. Ntchito ya m'shedimo izikhala yomaliza pa tsikulo, ndipo wotulukamo asalowenso kunazale. Phytophthora nicotianae, amene amawaula vinca, ndi dzina lomwelo la kachilombo koyambitsa black shank pa fodya ndi kuoletsa tsinde la malalanje, choncho shediyo isayandikane ndi nazale ya fodya kapena ya zipatso.

Mathireyi ndi machubu muziyamba mwawakwecha kuchotsa dothi lonse, kenako muwaviike mphindi 30 m'madzi a Jik, gawo limodzi la Jik ku magawo 9 a madzi. Jik sagwira ntchito pa matope. Dothi lofesera litenthetsedwe ndi nthunzi mpaka pakati pake pafike madigiri 70 kwa mphindi 30. Mgolo woikidwa pamoto, wokhala ndi madzi pang'ono pansi ndi sefa pamwamba pa madziwo, umakwanira.

Dziwani kudwalitsa mbewu musanakwatitse kalikonse

Apa ndi pamene ntchito yonse yagona, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha pothamangira kukwatitsa maluwa. Mbewu imene yatsala yobiriwira pakati pa zinzake zakufa ingakhale yopirira, koma kawirikawiri imakhala kuti matenda sanaifike: inali pakona pouma, kapena tsamba lina linaitchinga. Munthu amene kwawo sikunadutse akuba sangadzitame kuti loko wake ndi wolimba. Mukatenga mbewu yongopulumuka n'kuiyesa kholo, mudzazindikira patapita zaka ziwiri ana ake akugwa onse.

Choncho pezani kaye mtundu umene mukudziwa kuti umadwala msanga. Umenewu ndiwo muyezo wanu. Pa thireyi iliyonse, mbande imodzi mwa 10 zilizonse ikhale ya mtundu umenewu, zomwazikana pakati ndi m'mbali momwe. Ngati mbande za muyezo zimene zadwala sizinakwane 9 mwa 10, kuyesako kwalephera. Musasankhepo kanthu, yambiraninso.

Downy mildew sakula pa china chilichonse koma pa mbewu yamoyo, ndiye simungamusunge m'botolo. Muzifesa impatiens wa muyezo milungu iwiri iliyonse, n'kumasamutsira matendawo pa mbewu zatsopano masiku 10 mpaka 14 aliwonse. Pokonzekera kuyesa, vundikirani mbewu zodwala ndi pulasitiki madzulo. M'mamawa thotholani masamba odzaza ufa, muwatsukuluze m'madzi ozizira a mvula kapena owiritsa n'kupozetsa, kenako musefe ndi kansalu kopyapyala. Madzi a pampopi ongotunga kumene ali ndi klorini amene amapha timbewuto. Ngati pali maikulosikopu ndi kagalasi kowerengera ka haemocytometer, werengani timbewu m'mabokosi anayi a m'makona, mupeze avareji, muchulukitse ndi 10,000. Yankho lake ndi timbewu pa mililita imodzi, ndipo mukufuna pakati pa 10,000 ndi 100,000. Popanda chipangizochi, yambirani pa masamba 10 odzaza ufa m'madzi okwana mamililita 200, ndipo muyezo umene wakugwirirani ntchito musausinthenso.

Poperani ola lisanathe, kunsi kwa masamba, ndi kasipuleya kam'manja kamene sikanalowemo mankhwala chigulireni. Masamba anyowe koma asachite kudontha. Vundikirani ndi pulasitiki mumdima kwa maola 24, pa kutentha kwa madigiri 18 mpaka 21. Kukatentha kwambiri matendawa amaima, n'chifukwa chake kumadera otentha kuyesa kumeneku n'kwa miyezi ya June ndi July yokha. Mukavundukula, samalani mbewu mwa nthawi zonse. Pa tsiku la 10 vundikiraninso usiku umodzi kuti ufa utuluke, muwerenge m'mawa mwake, ndipo mubwereze pa tsiku la 14 ndi la 21.

Gwiritsani ntchito manambala, osati "yabwino" ndi "yoipa". Mwachitsanzo, 0 ikhale mbewu yopanda chizindikiro, 1 timadontho topanda ufa, 2 ufa wapatalipatali pa tsamba limodzi kapena awiri, 3 ufa pa masamba osapitirira theka, 4 ufa pa masamba ambiri ndipo ayamba kuyoyoka, 5 mitengo yokhayokha. Awerenge munthu mmodzi yemweyo, ndipo pa chikwangwani cha mbewu pakhale nambala chabe. Munthu akadziwa kuti iyi ndi ija ya maluwa okongola, diso limaikomera mtima.

Pythium ndi Phytophthora amamera pa chakudya cha m'labu, ndipo kuwapatula ku tizilombo tina ndi ntchito ya labu. Mukalandira ku labu kambale kamene muli tizilombo ta mtundu umodzi wokha, njira yosavuta yowachulukitsira ndi ya mpunga. Thirani magalamu 25 a mpunga ndi mamililita 18 a madzi m'botolo lagalasi, mutseke ndi thonje, muphike mu mphika wa puresha mphindi 40, n'kubwereza tsiku lotsatira. Likapola, ikanimo tizidutswa tingapo ta m'kambale muja. Muzilikhutchumula tsiku lililonse kuti mpunga usagwirane. Pakatha milungu iwiri njere zimakhala zitakutidwa ndi ulusi woyera. Mukaona zobiriwira, zakuda kapena mukamva kununkha kowawasa, mwalowa zina, tayani. Kwirirani njere zitatu m'chubu chilichonse, masentimita awiri kapena atatu pansi, motalikirana pang'ono ndi tsinde. Kamodzi pa mlungu imikani machubu m'beseni la madzi kwa maola 24 kuti timbewu tisambire.

Poyesa mizu pamafunika machubu awiriawiri pa mtundu uliwonse: china chothira matenda, china chopanda, koma onse omizidwa mofanana m'mabeseni osiyana. Vinca amadana ndi madzi ambiri mwachibadwa, ndiye popanda chubu chachiwirichi simungasiyanitse yophedwa ndi madzi ndi yophedwa ndi kachilombo. Pakatha milungu inayi tsukani mizu, muyerekeze kuchuluka ndi kuyera kwake.

Kuwauka kwa nsonga za vinca kumayesedwa popopera timbewu tosambira. A ku labu amamiza tizidutswa ta kachilomboko m'madzi pa kuwala kwa masiku angapo, n'kuika mufiriji mphindi 30, kenako n'kutulutsa. Kutenthedwanso kumeneko ndi kumene kumatulutsa timbewuto. Poperani pa timbewu 10,000 pa mililita, muvundikire usiku wonse pa madigiri 25 mpaka 30. Yosapirira imaonetsa zilonda zotuwa zonyowa pa masamba ndi nsonga zolendewera pasanathe masiku asanu.

Pali zinthu zitatu zimene zimanamiza kawirikawiri. Choyamba ndi mankhwala. Mbande zogula kunazale zina, ngakhalenso njere zina za m'mapaketi, zimakhala zitathiridwa kale mankhwala olowa m'thupi la mbewu, ndipo zimaoneka zopirira kwa milungu ingapo. Zisungeni kaye, mudule nsonga zatsopano muzimeretse, muyese zimenezo. Chachiwiri ndi msinkhu: mbande yanthete imadwala msanga kuposa mbewu yokhwima, choncho zoyesedwa pamodzi zikhale zofesedwa tsiku limodzi, ndipo zopambana ziyesedwe kawiri, pa milungu inayi komanso zikayamba maluwa. Chachitatu ndi malo. Bwerezani mtundu uliwonse m'mathireyi atatu kapena anayi, ndipo malo ake muthireyi muzisankha mwa maere.

Ngati mbewu ili imodzi yokha ndipo simukufuna kuitaya, dulanipo nsonga ziwiri muzimeretse kumalo oyera musanaipopere matenda. Pa downy mildew mungathenso kuyesa masamba othothola: agonekeni chagada pa pepala lonyowa m'kabokosi kotseka, mudonthezepo madzi a timbewu aja. Njirayi ndi yabwino posefa mbewu zambiri msanga, koma chigamulo chomaliza chichokere pa mbewu yathunthu.

Kopeza makolo

Kuyesa kwanu kukayamba kupha muyezo nthawi zonse, sonkhanitsani mitundu yambiri mmene mungathere, 30 kapena 50 ngati n'kotheka. Yang'anani mbewu zimene zatsala m'mabedi omwe matenda anasesa, vinca wongodzimerera m'mbali mwa misewu ndi m'mabwinja, ndi impatiens wa m'makhwawa a kumapiri. Kukhala wakutchire si umboni wa kupirira, koma mbewu zakutchire zimasiyanasiyana chibadwa kuposa za m'mapaketi, ndiye mwayi wopezamo kanthu ulipo. M'nkhalango zotetezedwa ngati ku Zomba ndi Mulanje simutola mbewu popanda chilolezo cha a zankhalango, ndipo a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba angakuthandizeni kudziwa ngati mwatoladi Impatiens walleriana, poti mapiri athu ali ndi mitundu inanso ya impatiens.

Mitundu yamalonda yopirira ilipo: Imara XDR ndi Beacon pa impatiens, Cora pa vinca. Igwiritseni ntchito ngati muyezo wa mbali inayo, wosonyeza mmene kupirira kumaonekera. Musanaiyese kholo werengani zimene eniake alemba, chifukwa ina ndi yotetezedwa ndi malamulo oletsa kubereketsa popanda chilolezo. Mbewu yochokera kunja imafunanso chikalata cha a zaulimi.

Wina angafunse za New Guinea impatiens, Impatiens hawkeri, amene downy mildew samugwira kwenikweni. Iye ndi walleriana sakwatirana mwa njira wamba: chipatso chimayoyoka kapena njere zimakhala zopanda kanthu. Osataya nyengo pamenepo ngati mulibe labu yolerera tinjere tosakhwima m'mabotolo.

Pamapeto pake mukufuna makolo awiri, wopirira ndi wokongola. Wopirirayo nthawi zambiri amakhala wamtali, wa maluwa ochepa, wosagulitsika.

Kukwatitsa

Duwa la impatiens limayamba ngati lalimuna, kenako n'kukhala lalikazi. Timatumba ta mungu tinalumikizana n'kupanga kachipewa kovindikira kamutu kachikazi. Pakapita masiku angapo kachipewako kamagwa kokha, kamutu kaja n'kutambasula timbali take, ndipo ndi pamene kamalandira mungu. Pa mbewu imene mwasankha kukhala mayi, chotsani kachipewa ndi kachitsulo kopanira duwa likangotsala pang'ono kutseguka, mosamala kuti musathyole kachipatso kobiriwira ka pansi pake. Valikani duwalo kathumba ka nsalu ya neti kuti agulugufe asakutsogolereni. Kamutu kakatambasuka, thotholani kachipewa ka duwa longotseguka kumene la bambo, mukhudzitse pa kamutuko m'mawa, ndipo mubwereze m'mawa wotsatira. Pukutani kachitsulo ndi spiriti musanapite pa bambo wina.

Mangani kachikwangwani pa phesi la duwalo: mayi poyamba, bambo pambuyo, ndi tsiku. Bwezerani kathumba ndipo musakachotse, chifukwa chipatso cha impatiens chikakhwima, patatha milungu itatu kapena inayi, chimaphulika n'kumwaza njere kutali. Kwatitsani maluwa osachepera 10 pa banja lililonse, mbali zonse ziwiri, uyu akhale mayi kwinaku ali bambo. Kukatentha kwambiri mungu umafooka ndipo zipatso zimayoyoka.

Vinca ndi wosiyana. Duwa lake lili ndi kampope kakatali kopapatiza, timatumba tisanu ta mungu tili pafupi ndi pakamwa, kamutu kachikazi konata kali pansi pake pomwepo, ndiye angathe kudzibereketsa yekha. Sankhani mphukira imene yatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti itseguke, mung'ambe kampopeko m'mbali ndi lumo, muchotse timatumba tonse tisanu tisanaphulike. Tsiku lotsatira pakani mungu wa bambo ndi nsonga ya singano. Zipatso zimabwera ziwiriziwiri, ndipo nazonso zimang'ambika zikauma, choncho kathumba n'kofunika. Kuti mudziwe ngati ukwati unathekadi, mayi akhale wa maluwa oyera, bambo wa maluwa ofiirira. Ana akatuluka oyera onse ngati mayi, kayikirani kuti mungu wa mayi yemweyo unalowa. Utomoni wa vinca ndi wapoizoni, muzisamba m'manja.

Pofesa, njere za impatiens, zimene ndi zoposa 1,000 pa galamu imodzi, zimafuna kuwala: zimwazeni pamwamba, musakwirire, pa madigiri 21 mpaka 24. Za vinca zimafuna mdima ndi kutentha kwa madigiri 24 mpaka 27, ndiye zikwirireni pang'ono.

Ana, zidzukulu ndi manambala ake

Ana oyamba, a F1, yesani 10 kapena 20 limodzi ndi makolo onse awiri. Akapirira ngati kholo lopirira, ndiye kuti chibadwacho n'champhamvu, chimaonekera ngakhale chachokera mbali imodzi. Akadwala onse musawataye: chingakhale chobisika, chofuna kuchokera kwa mayi ndi bambo omwe. Akakhala pakatikati, mwina kupirirako kwagona pa tizigawo tambiri ta chibadwa, timene asayansi amati majini.

Bereketsani F1 yokhayokha kuti mupeze zidzukulu, za F2. Pa impatiens tengani mungu wa duwa longotseguka kumene mupake pa duwa limene kachipewa kagwa kale la mbewu yomweyo. Fesani F2 yambiri, 200 kapena kuposa, muipopere matenda, muwerenge. Zopirira zikakhala pafupifupi zitatu pa zinayi zilizonse, ndi jini imodzi yamphamvu. Zikakhala imodzi pa zinayi, ndi jini imodzi yobisika. Imodzi pa 16 ikusonyeza majini awiri obisika. Manambala a 0 mpaka 5 aja akangomwazikana popanda magulu oonekera, majini ndi ambiri, ndipo muzingotenga zabwino koposa, mwina 10 pa 200, n'kuzikwatitsa zokhazokha mbadwo ndi mbadwo.

Kuchepetsa mbande ndi kumene kumagwetsa ambiri. Kuti mukhale ndi mwayi wa 99 pa 100 wopeza mbewu imodzi yokha yomwe mukuifuna, pamafunika mbande 16 ngati imapezeka imodzi pa zinayi, 72 ngati ndi imodzi pa 16, ndi 293 ngati ndi imodzi pa 64. Khalidwe lililonse lobisika limene mwawonjeza, kaya ndi mtundu wa duwa kapena kufupika, limachulukitsa chiwerengerocho pafupifupi kanayi. Ndiye yambani mwasefa ndi matenda mbande zikadali m'thireyi, pamene malo ndi otchipa, ndipo zopulumuka zokha ndi zimene zilowe m'machubu kukaonetsa maluwa.

Mbewu ya F2 yopirira ingakhale itabisa chibadwa chodwala. Kuti mudziwe, ibereketseni yokha, mufese njere 16 mpaka 20 pamzere wakewake. Mzere umene mulibe yodwala ngakhale imodzi ndiwo wakhazikika.

Kubwezera kukongola

Ngati kholo lopirira linali lakutchire, zidzukulu zambiri zidzatengera kutalika ndi kuchepa maluwa. Kwatitsani mwana wopirira ndi kholo lokongola lija, muyese ana, musankhe opirira, muwakwatitsenso ndi kholo lomwelo. Ulendo woyamba ana amakhala ndi pafupifupi 75 peresenti ya chibadwa cha kholo lokongola, wachiwiri 87.5, wachitatu 93.75. Maulendo atatu nthawi zambiri amakwana. Musadumphe kuyesa ngakhale pa mbadwo umodzi, chifukwa theka la ana a ulendo uliwonse alibe jini mukuisakayo, ndipo ndi maso simungawadziwe. Jini ikakhala yobisika, ulendo uliwonse uzitsatidwa ndi kubereketsa ana okhaokha kuti ionekere, zimene zimatalikitsa ntchito pafupifupi kawiri. Njirayi siyenda bwino pa kupirira kwa majini ambiri, poti ulendo uliwonse umatayako ena. Pamenepo bwererani kamodzi kokha, kenako muzikwatitsa zabwino zokhazokha.

Impatiens amatenga pafupifupi miyezi inayi kuchokera pa njere kufika pa njere ina, ndiye mibadwo itatu pa chaka ndi yotheka pamalo abwino. Akabereketsedwa yekha mibadwo yambiri amafooka ndipo njere zimachepa, choncho sungani mizere ingapo, osati umodzi. Vinca savuta chotero.

Kumunda

Zopambana m'shedi zipite kubedi kwa nyengo za mvula zosachepera ziwiri, kumalo awiri kapena atatu osiyana nyengo. Impatiens ayesedwe pamthunzi kumalo ozizira achinyezi ngati ku Zomba, Thyolo kapena Dedza, kumene masamba amakhala ali chinyowere nthawi yaitali. Vinca ayesedwe padzuwa kumalo otentha ngati ku Salima kapena ku Chikwawa mkati mwa dzinja. Pa bedi loyesera chitani zonse zimene mumaletsa makasitomala: bzalani mothithikana, masentimita 20, thirirani pamwamba pa masamba madzulo, musapopere mankhwala, ndipo bwerezani bedi limene munafera maluwa chaka chatha. Mizere ya mtundu wa muyezo ibzalidwe milungu iwiri zinazo zisanabwere, mzere umodzi pakati pa mizere iwiri iliyonse, kuti izifalitsa matenda mofanana. Lembani mlungu uliwonse tsiku limene zizindikiro zayamba, nambala ya matenda, ndiponso ngati mbewuyo ikuchitabe maluwa.

Posankha komaliza, ife sitithamangira mbewu ya 0 yodalira jini imodzi. Obereketsa mbatatesi anatenga majini otere ku mbatatesi yakutchire ya ku Mexico, Solanum demissum, ndipo chiwawu chinawagonjetsa imodzi ndi imodzi patangopita zaka zochepa mbewuzo zitafala. Tizilomboti timasintha msanga. Mbewu imene imapeza 1 kapena 2 paliponse, chaka chilichonse, n'kumachitabe maluwa mpaka nyengo kutha, kawirikawiri imakhalitsa kuposa ija yoyera mbee kumalo amodzi. Ngati muli ndi makolo awiri opirira osachokera kumodzi, akwatitseni kuti kupirira kwawo kukumane mu mbewu imodzi. Ndipo yesani ndi tizilombo totengedwa m'madera angapo a dziko lomwelo, aliyense payekha, chifukwa Phytophthora wa pa nazale ina angakhale waukali kuposa wa kwanu.

Kuyesa kulikonse kukatha, zulani zodwala ndi mizu yomwe, muziotche kapena muzikwirire m'dzenje lakuya. Zisapite pa mulu wa manyowa.

Kuchulukitsa ndi kusunga

Njira yachidule ndi kumeretsa nsonga zodula za mbewu yopambanayo, ndipo ana onse amafanana nayo ndendende. Impatiens amatulutsa mizu pasanathe milungu iwiri. Kuipa kwake n'kwakuti nsonga zimanyamula matenda obisika, mavairasi ndi downy mildew yemwe, choncho mbewu zodulako zikhale m'shedi yotchinga ndi neti, ndipo lumo lizipukutidwa pochoka pa mbewu ina kupita pa ina. Ngati mukufuna kugulitsa njere, mzere uyenera kubereketsedwa wokha mpaka mbadwo wachisanu ndi chimodzi, wa F6, kapena kupitirira kuti ufanane. Pa haibulidi ya F1 pamafunika mizere iwiri yokhazikika: jini ikakhala yamphamvu, kholo limodzi lopirira likwanira, koma ikakhala yobisika kapena majini ali ambiri, makolo onse awiri akhale opirira.

Njere ziumitsidwe pamthunzi kwa mlungu umodzi, zilowe m'maenvulopu olembedwa bwino, maenvulopuwo m'botolo lotseka lokhala ndi silica gel woyamwa chinyezi, botololo mufiriji. Za impatiens zimataya mphamvu msanga pamalo otentha, ndiye chaka chilichonse fesani 50 muone zingati zikumera, ndipo zikatsika pansi pa 35 mubereketse zatsopano. Sunganinso njere za makolo oyamba ndi za mtundu wa muyezo. Nyengo iliyonse ya mvula tolani tizilombo tatsopano m'mabedi a m'dera lanu, muyesenso mtundu wanu pambali pa muyezo. Nambala yake ikayamba kukwera kuchoka pa 1 kupita pa 3, kachilombo kasintha, ndipo mizere ina ija munasunga ndi imene muyambirepo kukwatitsanso.